CHIPATALA CHACHING'ONO NDICHO KHOMO LOYAMBA

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ikuchokera ku Linthipe, m'boma la Dedza, pa mseu waukulu wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Kumeneko, monganso m'maboma onse a dziko lino, munthu akadwala sayambira ku chipatala chachikulu. Amayambira pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwao, monga cha mishoni ya Katolika ku Kasina. Pa malo oterewa safunsa kalata ndipo sapangana tsiku. Wodwala amangofika ndi kabuku kake ka kuchipatala, nakhala pa mzere. Ku zipatala za Boma thandizo ndi laulere, pamene ku zipatala za mishoni kumakhala kandalama kolipira.

Anthu ambiri amachipeputsa chipatala chotere poona kuchepa kwa nyumba zake. Koma matenda amene amatha ana ndi amayi m'midzi, ambiri mwa iwo amachizika pomwepo, malinga wodwala akafika msanga.

Oyamba ndi malungo. Ngakhale kuti dera la Dedza ndi la mapiri ndiponso lozizira, udzudzu umaswana ndithu m'madambo ndi m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, makamaka nyengo ya dzinja. Imeneyi ndi nyengo yomwenso makolo amatanganidwa ndi kupalira ndi kubandira, kotero kuti mwana wotentha thupi amayembekezedwa mpaka ntchito ya kumunda itatha. Kuchedwa kumeneku ndiko kumapha. Mwana akatentha thupi ayenera kuonedwa tsiku lomwelo. Akuluakulu adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma: si kutentha thupi konse kumene kuli malungo, ndipo chifukwa cha ichi a chipatala amayamba ayeza dontho la magazi a pa chala, zotsatira zake nkudziwika pasanathe theka la ola. Mankhwala a malungo akhala akusintha. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi lidasiya chloroquine nkuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 lidayamba mankhwala a LA, popeza tizirombo tidafika pozolowera mankhwala akale aja. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Kusiyira panjira poona kuti mwana wayamba kusewera ndiko kusunga matenda m'thupi.

Achiwiri ndi chibayo, chimene chimavuta pamene chisanu cha mwezi wa Juni ndi Julaye chatsika m'mapiri a Dedza ndi Chongoni. Mwana wa chibayo amapuma mofulumira, ndipo chikakula nthiti zimalowa m'kati akamakoka mpweya. Achitatu ndi kutsegula m'mimba, kumene kumatha madzi m'thupi. Mankhwala ake ndi Thanzi, paketi imodzi kusungunula mu lita imodzi ya madzi abwino, pamodzi ndi mapiritsi a zinc. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udaonetsa kuti munthu wamkulu yemwe angathe kufa tsiku limodzi lokha ngati madzi otayika sabwezeredwa.

Tsono chipatala chaching'ono si cha odwala okha ai. Ntchito yake yaikulu imachitika pa anthu amene ali bwinobwino. Ku sikelo ya ana osapitirira zaka zisanu, mwana amayezedwa kulemera kwake mwezi ndi mwezi, ndipo mzere wa m'kabuku ukaleka kukwera, kunyentchera kumadziwika kusanaoneke ndi maso. Katemera amayamba tsiku lobadwa, napitirira mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mu 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, kuyambira m'maboma osankhidwa. Amene amayesa kuti matenda akale adatheratu akumbukire kuti mu Febuluwale 2022 Boma lidalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patapita zaka 30 nthendayi isanaonekenso kuno.

Mayi woyembekezera nayenso ali ndi sikelo yake. M'mera mpoyamba: ayenera kuyamba miyezi itatu isanathe, osadikira kuti pakati paoneke. Kumeneko amamuyeza kuthamanga kwa magazi, amampatsa mapiritsi oonjezera magazi, mankhwala oteteza malungo ndi neti yogonamo. Amayezedwanso kachirombo ka HIV, ndipo nkwabwino bambo akapita naye limodzi. Mankhwala a ARV adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira 2011 mayi woyembekezera wopezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa nthawi yomweyo kuti mwana abadwe wopanda kachirombo. Banja lofuna kulera limapezanso uphungu ndi njira zake pomwepo.

Abambo ndiwo amene amasowa pa mzere. Ambiri amafika atanyamulidwa pa njinga, matenda atakula kale. Chifuwa chopitirira masabata awiri chiyenera kuyezedwa makhololo, pakuti chifuwa chachikulu chimachizika ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Kuthamanga kwa magazi sikumveka kuwawa, koma kumapha ziwalo mwadzidzidzi, chonsecho kuyezetsa kwake ndi kwa mphindi zochepa chabe.

Zilipo zina zimene chipatala chaching'ono sichingathe, monga opaleshoni ndi kuika magazi. Pamenepo a chipatala amalemba m'kabuku natumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Dedza, kapena ku Nkhoma, kumene kudatchuka ndi kuchiza maso, ndipo zikavuta kwambiri ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Pomaliza, omvera onse asunge zizindikiro izi pamtima. Mwana akakomoka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, kapena akalefuka osadzuka, ndiponso mayi woyembekezera akataya magazi, ulendo wa ku chipatala uyambike nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Munda udzapaliridwa mawa.