Makina Oneneratu za Khunyu ndi Kope la Pakhomo



M'miyezi ya June ndi July, chisanu chikalimba kumapiri kuno kwa Dedza, mabanja amazungulira moto kuotha. Kwa munthu wodwala khunyu, matenda amene ena amati a kugwa, malo amenewo ndi oopsa. Kawirikawiri chimene chimavulaza wodwala ndi pamene wagwera: pamoto, pachitsime, mumtsinje kapena pamsewu ali panjinga. Atachenjezedwa mphindi zochepa chabe, akhoza kuchokapo n'kukagona pamphasa. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufufuza ngati n'kotheka kudziwiratu nthawi imene munthu agwe.

Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi, ndipo munthu amagwa timphamvuti tikasokonekera n'kuwomba pamodzi mopyola muyeso. M'chaka cha 1924, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, Hans Berger, anajambula timphamvuti mwa munthu kwa nthawi yoyamba. Njirayi imatchedwa EEG. Adokotala amamata timawaya pamutu, makina n'kumalemba mizere yokwera ndi yotsika.

Masiku ano mizereyi akuiphunzitsa kompyuta. Amaipatsa zojambulidwa za maola ambirimbiri, n'kuisonyeza pamene wodwala anagwa ndi pamene anali bwino, kufikira itazindikira zimene zimasintha kugwa kusanafike. Zikufanana ndi mlimi wachikulire amene, chifukwa choona nyengo zambiri, amadziwa mvula poyang'ana mitambo ndi kumva mphepo. M'chaka cha 2013, madokotala a ku Melbourne ku Australia, motsogozedwa ndi Mark Cook, anafalitsa zotsatira za odwala 15 amene anawaika timawaya m'mutu pa opaleshoni. Aliyense ankayenda ndi kachipangizo koyaka mofiira ngozi ikayandikira. Kwa ena kanathandiza kwambiri, kwa ena kankalephera, pakuti ubongo wa munthu aliyense uli ndi chizolowezi chake.

Kuno ku Malawi, EEG yathandiza pa kafukufuku wa ana odwala malungo a mu ubongo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kafukufuku wina, amene Gretchen Birbeck ndi anzake anafalitsa mu 2010, anapeza kuti mwa ana 132 amene anachira malungowa, 12 anayamba kudwala khunyu. Izi zikutsimikiza kuti matendawa ali ndi gwero m'thupi. Si ufiti, si ziwanda, ndipo sapatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya wa wodwala.

Makina oneneratuwa akadali pa kafukufuku ngakhale m'maiko olemera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene banja la ku Mayani lingagwiritse ntchito lero ndi mankhwala ndi kope. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse ali ndi khunyu, ndipo asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse akhoza kuleka kugwa atalandira chithandizo choyenera. Mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine amafunika kumwa tsiku lililonse, osadumphitsa, osalekeza popanda uphungu wa achipatala.

Kope nalo ligwira ntchito yonga ya kompyuta ija. Wosamalira wodwala azilemba tsiku ndi nthawi imene wagwa, kutalika kwa kugwako, ndi zimene zinachitika chisanafike: kusagona mokwanira, kutentha thupi, mowa, msambo, kuiwala mankhwala, kapena chizindikiro monga fungo lachilendo ndi mantha odzidzimutsa. Pakapita miyezi chizolowezi chimaoneka, banja limadziwa masiku oyenera kusamala, ndipo achipatala cha Mayani kapena cha boma ku Dedza amapeza poyambira posintha mlingo wa mankhwala.

Munthu akagwa, omuzungulira asathawe. Amuchotse pamoto kapena pamadzi, aike nsalu kunsi kwa mutu wake, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke chammbali. Asamuike sipuni kapena chala m'kamwa, asamupanikize, asamumwetse kanthu asanatsitsimuke. Kugwedezeka kukapyola mphindi 5, athamangire naye kuchipatala.

Kupewa nako n'kotheka. Ana agone m'neti, amayi achilire kuchipatala, ndipo khomo lililonse likhale ndi chimbudzi ndi posambira m'manja, pakuti mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, akalowa m'thupi kudzera m'chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu, amaswa timphutsi timene timatha kukafika mu ubongo.

Khonsolo ikupempha mafumu ndi aphunzitsi kuti aonetsetse kuti mwana aliyense wodwala khunyu ali pa mankhwala ndiponso ali m'kalasi pamodzi ndi anzake.