Za Kusiyana Makhalidwe M'banja: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Milandu yambiri yofika kwa ankhoswe siikhala ya chigololo ayi. Mwamuna angoti, "Mkaziyu ngoumira," mkazinso nati, "Bambowa ngomwaza chuma." Tsono funso langa nali: kodi kusiyana kotere ndi chifukwa chokwanira kupasulira banja?

Taganizani za nkhokwe. Chimanga chikololedwa mu Epulo ndi Meyi, koma njala iluma mu Januwale ndi Febuluwale. Akadakhala kuti onse awiri ngowolowa manja, nkhokwe ikadatha mvula isanagwe, ana nayamba kugonera gaga. Akadakhalanso kuti onse ngoumira, pakhomopo pakadamera udzu, ndipo tsiku la zovuta anansi akadabwera mokoka miyendo. Chotero wosunga ateteza ana ku njala, wopatsa nateteza banja ku umphawi wa kusowa abale. Aliyense wa iwo ali ndi chimene mnzake alibe.

Chimodzimodzi wachangu ndi wodekha. Wachangu ndiye abzala ndi mvula yoyamba. Wodekha ndiye aletsa kugulitsa mtedza kwa wogula woyamba mtengo usanakwere. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sanati mituyo ikhale yofanana.

Makolo athu anazidziwa izi. Kaya pa chikamwini kaya pa chitengwa, anaika ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti mwamuna ndi mkazi, oleredwa m'nyumba zosiyana, akhale ndi owayanjanitsa. Pa nthawi ya Wenela, amuna ali ku migodi ya ku Johannesburg, kufikira pamene Boma linaimitsa ulendowo mu 1974, banja lolimba linali lija limene wotumiza ndalama anakhulupirira wozisunga kumudzi.

Koma tisasokoneze zinthu. Kumenya mkazi kapena mwamuna, ndi kumwera mowa ndalama za sukulu, sikusiyana makhalidwe ayi, ndi nkhanza. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, ndipo nkhoswe youza munthu womenyedwa kuti "pirira, ndiwo ukwati" ilakwira munthuyo ndi lamulo lomwe.

Ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, malipiro akabwera kapena mbewu zikagulitsidwa, mwamuna ndi mkazi awerengere ndalama pamodzi, napatule za chakudya, za sukulu ndi zothandizira abale. Chachiwiri, aliyense apatsidwe ntchito yoyenera khalidwe lake: wosunga agwire thumba, wodziwa kuyankhula alandire alendo. Chachitatu, ife amene tiitanidwa unkhoswe tisathamangire kufunsa kuti wolakwa ndani. Tiyambe tafunsa kuti khalidwe lodandaulidwalo lapulumutsapo banjalo kangati.