Chiwindi Chimadwala Mwakachetechete

Pa ntchito yanga yomasulira m'zipatala kuno ku England, ndaona anthu akudabwa dokotala atawauza kuti chiwindi chawo chadzaza mafuta, chikhalirecho mowa sanaulawepo. Nthendayi kawirikawiri siimvetsa ululu poyamba. Imayendera limodzi ndi kukula kwa mimba, kuthamanga kwa magazi, kukwera kwa shuga ndiponso kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Mavutowa akakumana mwa munthu mmodzi, madokotala amati metabolic syndrome, ndipo matenda a mtima ndi a shuga sakhala patali.

Chitetezo chimayambira m'mbale. Masamba, zipatso, nyemba ndi mtedza zili ndi ma antioxidant, amene amathandiza kuteteza maselo a thupi kuti asawonongeke. Kwathu tinkawapeza mu bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Kuno alipo mu sipinachi, broccoli, kabichi, tomato ndi malalanje. A NHS amalangiza kudya masamba ndi zipatso magawo 5 patsiku, gawo lililonse la magalamu 80, ndipo za mufiriji nazo zimawerengedwa. Mapiritsi ogula m'sitolo sangalowe m'malo mwa chakudya.

Chepetsani zakumwa zotsekemera, pakuti shuga akachuluka, chiwindi chimamusandutsa mafuta. Mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke. Yendani mwandawala mphindi 150 pa sabata. Dziyezeni m'mimba: muyeso wake usafike theka la msinkhu wanu.

Ngati muli ndi zaka za pakati pa 40 ndi 74, funsani kwa GP wanu za NHS Health Check. Ndi yaulere, ndipo mukhoza kupempha womasulira.