Za Aphunzitsi Othandiza Amene Afuna Setifiketi: Mau a Mlendo pa Msonkhano wa Pachaka

Msungachuma atatha kuwerenga za ndalama za m'thumba la maphunziro, Wapampando anapempha mlendo wa tsikulo kuti alankhule. Mlendoyo anali mayi wa m'boma lino lomwe, amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale kufikira pamene anapuma pa ntchito m'chaka cha 2019. Komiti inawaitana chifukwa cha mfundo imene inagawa mamembala pa msonkhano wapitawo, yakuti kodi thumba la maphunziro lingathandizenso akuluakulu amene ali kuphunzitsa m'sukulu za m'midzi alibe setifiketi, kapena likhale la ana okhaokha monga mwa kale. Mau awo alembedwa pano kuti amene sanafike awerenge ndi kulingalira.

Atapereka ulemu kwa Wapampando, kwa mafumu, ndi kwa amayi ndi abambo onse, mayiwo anayamba ndi kukumbutsa msonkhano kuti mphunzitsi wothandiza si mlendo m'dziko muno. M'masiku a sukulu za Mishoni, mnyamata amene anadziwa kuwerenga koposa anzake ankapatsidwa ana aang'ono kuti awaphunzitse zilembo, ndipo sukulu zambiri za m'midzi zinaima pa mapewa a anthu otere. Boma la Atsamunda linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro m'chaka cha 1926, ndipo m'chaka cha 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene amuna amene anali kale pa ntchito ya uphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi. Chotero, anatero mayiwo, munthu wa banja wokhalanso pa benchi ya ophunzira si chinthu cha dzulo, ndipo makolo athu sanachiyese chamanyazi.

Pamenepo anafika pa mbiri yawo. M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana amene anali pafupifupi 1.9 miliyoni anachuluka nafika pafupifupi 3 miliyoni m'nyengo imodzi. Aphunzitsi sanakwanire, kotero Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira za uphunzitsi, ambiri a iwo okhala ndi setifiketi ya JCE yokha, ndipo linawalangiza kwa masabata owerengeka ndi kuwatumiza m'makalasi. Mayiwo anali mmodzi wa iwo. Anali ndi zaka 35, ana anayi, ndi munda wa chimanga. Choko anachigwira komaliza ali mtsikana. Anapatsidwa Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, ndipo ana anali ochuluka kotero kuti kuitana maina m'kaundula kunkadya theka la phunziro loyamba.

Anati ntchito anaigwira ndi mtima wonse, koma panali chinthu chimene chinkawalasa tsiku ndi tsiku. Pa sukulu imene anali, imene sanafune kuitchula dzina, panafika mnyamata wochokera ku koleji, wa msinkhu wa mlongo wawo wamng'ono. Iwo ndiwo anamusonyeza makolo ovuta ndi makolo ofatsa, njira ya ku chitsime, ndi ana amene amabwera osadya. Koma pa msonkhano wa aphunzitsi mau a mnyamatayo ankalembedwa, ndipo awo ankangomvedwa. Malipiro ake anali oposa awo. Ndipo mphunzitsi wamkulu akachoka, makiyi a ofesi ankasiyira iye. Mayiwo anati sanamuchitire nsanje mnyamatayo, pakuti anali waulemu, koma anazindikira kuti wothandiza ali ngati munthu wolima munda wobwereka: mbewu zikoma, koma mwini munda akafuna, iye achoka wopanda chonena.

M'chaka cha 1997 Boma linayamba maphunziro otchedwa MIITEP, a aphunzitsi amene anali kale m'makalasi. Dongosolo lake linali lotere: miyezi 3 ku koleji, kenaka pafupifupi miyezi 20 munthu ali kuphunzitsa pa sukulu yake, nawerenga mabuku a malangizo, nalemba ntchito, nasonkhana ndi anzake a m'zoni, mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa zoni akumuyendera, potsiriza kubwereranso ku koleji kukakonzekera ndi kulemba mayeso. Makoleji ake anali 6: Karonga, Kasungu, Lilongwe, St Joseph's ku Dedza, Blantyre, ndi Montfort ku Chiradzulu. Mayiwo anapita ali ndi zaka 39. Anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze ndalama ya ulendo, sopo ndi makope; ana anawasiya kwa achemwali awo; ndipo m'mudzi ena ankaseka kuti nkhalamba yapita kukaphunzira a-e-i-o-u. Atabwerako, ankalemba ntchito za koleji usiku pa koloboyi, atatha kuchonga makope a ana ndi kutsuka mbale.

Apa mayiwo anatsindika kuti asamembala asayese setifiketi ngati pepala chabe lokwezera malipiro. Zaka zinayi za pansi pa mtengo zinawaphunzitsa kugwira kalasi, kuzindikira mwana wodwala, ndi kulankhula ndi kholo lokwiya, zimene koleji singathe kupatsa munthu. Koma anavomera poyera kuti m'zaka zimenezo ankaphunzitsa ana kuloweza, osati kuwerenga. Kalasi lonse linkaimba ba-be-bi-bo-bu mokweza, iwo nakondwa, osadziwa kuti ambiri ankangotsata mau a anzawo. Mwana ukamuitana yekha ndi kumulozera chilembo cha pakati, ankangoti kukamwa yasa. Ku koleji ndiko anaphunzira kukonza phunziro ndi cholinga chake, kuyesa mwana aliyense payekha, kugawa ana m'magulu, ndi kuphunzitsa masamu ndi zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi nthanga, m'malo modikira mabuku amene safika. Anati mpaka lero amaganizira ana a zaka zoyamba zija, amene ena a iwo anasiya sukulu osadziwa kulemba dzina lawo, osati chifukwa cha ulesi wa mphunzitsi koma chifukwa cha kusadziwa kwake. Chotero wopindula woyamba, wothandiza akaphunzira, ndi mwana.

Za njira ya masiku ano anafotokoza kuti MIITEP inatha, ndipo kuyambira m'chaka cha 2005 maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale anakhala a zaka ziwiri, gawo lina ku koleji ndi gawo lina pa sukulu yophunzitsirapo, ndipo wofuna kulowa ayenera kukhala ndi MSCE yokhoza bwino. Pamenepa ndi pamene akulu ambiri amagwa: osati pa nzeru, koma pa ndalama ya kalasi ya madzulo ndi fizi ya mayeso a MANEB, pakuti munthu wolandira kangachepe kochokera kwa makolo sangathe kudyetsa banja ndi kudzilipirira yekha. Analangiza othandiza onse kuti asazengereze, chifukwa chaka chilichonse chopita chichepetsa zaka za ntchito yokhazikika zimene penshoni idzawerengedwapo. Awerenge bwino zofunika zonse pamene makoleji alengeza malo. Ndipo akambirane ndi a kunyumba kwawo asanayambe, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Membala wina anafunsa ngati si kuwononga kuthira ndalama pa munthu wa zaka 40, pamene pali ana amasiye osowa fizi ya sekondale. Mayiwo anayankha kuti funsolo ndi loona, ndipo sapempha kuti mwana ndi mmodzi yemwe achotsedwe pa mndandanda. Koma anapempha msonkhano kuwerenga motere: iwo atalandira setifiketi anaphunzitsabe zaka zoposa 15, chaka chilichonse kalasi lodzaza, pa sukulu za kutali ndi msewu kumene achinyamata otumizidwa kuchokera kwina amafulumira kupempha kusamuka. Wothandiza wa m'mudzi ali ndi nyumba yake pompo, munda wake pompo, ndi manda a makolo ake pompo, sachoka. Anapempha kuti Bungwe lipatule gawo laling'ono la thumba, likhale ngongole yobweza munthu akayamba kulandira malipiro, ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu ndiwo azichitira umboni amene agwira ntchito mokhulupirika.

Wapampando anathokoza mayiwo m'malo mwa onse, ndipo Mfumu imodzi inaonjeza kuti m'dera lake muli othandiza atatu amene akhala pa bolodi zaka zambiri osadandaula. Msonkhano unagwirizana kuti mfundoyi ipite ku Komiti ya Maphunziro, ndi kuti nthambi iliyonse itumize kwa Mlembi chiwerengero cha aphunzitsi othandiza a m'dera lake, zaka zimene agwira ntchito, ndi mayeso amene anakhoza, msonkhano wotsatira usanafike, pamene mamembala adzaponya voti.