Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Ziphaso kwa Ounika Mtima



M'chaka cha 1953, mumzinda wa Lund ku Sweden, dokotala Inge Edler ndi mnzake Hellmuth Hertz, atabwereka makina amene amisiri a zombo ku Malmö ankafufuzira ming'alu m'zitsulo, anawaika pachifuwa cha munthu. Ndipo mawu osamveka ndi khutu ochokera m'makinawo, pobwerera monga liwu libwerera kuchokera kuphiri, anaonetsa khoma la mtima likuyenda. Sikani imene amayi oyembekezera aizolowera ndi mbale wake wa makina omwewo.

Mtima, ngakhale utumiza mwazi kuthupi lonse, nawonso umwa kudzera m'mitsempha yake ikuluikulu itatu, uliwonse ndi dimba lake lothirira. Ndipo umodzi ukatsekeka ndi mwazi woundana, mnofu umene unkathiriridwa pamenepo uleka kufinya isanathe mphindi imodzi, monga akatswiri Tennant ndi Wiggers anaonetsera pa agalu mu 1935. Apa ndipo pagona luso lanu, pakuti khoma lakutsogolo ndi nsonga ya mtima zikangoti zii pamene mbali zina zikugwira ntchito, mudziwa kuti mtsempha wotsikira kutsogolo watsekeka. Likakhala khoma lapansi, kawirikawiri wakumanja ndiwo wavuta. Chimene chindizizwitsa koposa ndi muyeso wa Doppler, umene uonetsa liwiro la mwazi mumtsempha weniweniwo: mfuleni waukulu ungatsegulidwe, koma timifuleni ta m'kati mwa mnofu tili chitsekekere, ndipo mwazi wolowa mothamanga n'kuima msanga uchenjeza dokotala kuti gawolo kuchira kwake kudzavuta.

Kuno kwathu, kumene zipinda zolowetsera kachubu m'mitsempha ya mtima n'zosowa, bambo amene wafika atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, adalira maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma ndikupemphani, ana anga, kuti kuunikako kusachedwetse muyeso wa ECG kapena mankhwala, chifukwa mnofu wa mtima ukafa suphukanso, madzi akatayika saoleka.

Tsopano, Wapampando, mundilole ndiitane mmodzimmodzi amene atsiriza maphunziro adzalandire ziphaso zawo.