Mapu a Nkhalango za M'mphepete mwa Nyanja: Mawu kwa Alangizi



Pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere ku Mozambique pali nkhalango zikuluzikulu za mitengo ya mangrove, imene imamera m'matope a madzi amchere. M'mizu mwake ndi momwe mumakulira ana a camarão asanapite ku Sofala Bank, kumene asodzi amakawagwira. Mitengoyi ikatha, maukonde nawo amapepuka. Tsono funso ndi lakuti, tingadziwe bwanji pamene ikutha?

Tili ndi zida zitatu. Choyamba ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Setilaiti za Landsat zakhala zikujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake zinakhala zaulere mu 2008. Sentinel-2, imene inayamba mu 2015, imajambula malo amodzimodzi masiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi pachithunzi kamaimira mamita 10 mulitali ndi mulifupi. Chachiwiri ndi GPS, imene imauza munthu pamene waima. Isanafike May 2000 inkaphonya ndi mamita pafupifupi 100, koma lero imaphonya ndi mamita owerengeka chabe. Chachitatu ndi GIS, pulogalamu ya pakompyuta monga QGIS, yosanjikiza zonsezi pamapu amodzi.

Komatu chithunzi chimangoonetsa pamene mitengo yatha, sichinena chimene chaitha. Mwina ndi odula mapolo ndi otentha makala, mwina mafunde agumula gombe, kapena ndi namondwe ngati Idai amene anagwa ku Beira mu March 2019. Chikajambulidwa madzi atakwera, mitengo yaing'ono imabisika. Mapu akalembedwa muofesi mokha, mudzi ukhoza kuimbidwa mlandu wa namondwe, ndipo malire a malo otetezedwa akhoza kulanda banja dooko limene limadyerapo.

Apa ndi pamene pali ntchito yanu. Kwerani bwato pamodzi ndi asodzi ndi amayi otola nkhanu. Pamalo paliponse lembani manambala a GPS, tsiku, ola, msinkhu wa madzi ndi dzina limene eni mudzi amatchula malowo. Ngati mwapeza zitsa, onani ngati n'zodulidwa ndi nkhwangwa kapena zothyoka ndi mphepo. Mapu akasindikizidwa, abwezereni kumudzi kuti mfumu ndi anthu ake akonze zolakwika malire asanakhazikitsidwe.