Udzu wa ku khutu: mau kwa achinyamata a chipani



Ku Chimfunshi, kufupi na Chingola, amasunga machimpanzi amasiye kuyambira 1983. Mu 2010 ofufuza anaona chimpanzi wamkazi, Julie, akutenga udzu, kuulowetsa m'khutu, n'kumayenda nawo ukulendewera. Udzu uja sanali kudya, ndipo ofufuza sanapeze ntchito yake. Koma anzake anali kumuyang'anitsitsa. Mwana wake Jack anatengera, enanso anatsatira, mpaka 8 pa gulu la 12 anayamba kuchita. Julie atamwalira, ena anapitiriza. Pa nthawiyo, magulu ena a pamalo omwewo, amene sanali kukhala naye, chizolowezi ichi sichinafalikire.

Manje tiyang'ane kwathu. Mwana wa mu komboni amayang'ana mkulu wake. Akaona kada atanyamula chikwanje, akutolera ndalama pa station na mu market, mawa nayenso afuna chikwanje. Safunsa kuti chithandiza chiyani. Ndipo khalidwe limatsala ngakhale woliyambitsa atachoka. Boma limasintha, zovala zimasintha, koma zikwanje n'zomwezo.

Ise a opposition tisanamizane kuti matenda aya ni a anzathu chabe. Tikabwezera mwala na mwala, ang'ono athu aphunzira kwa ise, ndipo tsiku lomwe tizalowa m'boma azachita zomwezo.

Ndiye mu ward mwanu, akuoneni mukuperekeza mnzanu kukatenga NRC na voter's card. Akuoneni mukukana mowa wa kampeni. Pa msonkhano, mukaputidwa, jambulani pa foni, kanene ku polisi, osamenya.

Maso a ana ali pa imwe.